Tinjira ta ku Glasgow, ndikusaka chithunzi cha pakhoma la agogo

Lachitatu usiku, m'basi yochokera ku Leeds

Ndakwera basi yunifolomu ili mkati mwa jekete, nthawi yosintha panalibe, shifiti yatha 9 koloko nde ndinangothamangira kunyumba kukatenga chikwama ndi mandasi amene ndinakazinga dzulo. Tikiti ndinagula masabata atatu apitawo pa mapaundi 14, ukadikira tsiku lomwelo mtengo wake umachita kuboola m'thumba. Miyendo ikuwawa zedi koma tulo sitikubwera.

Amene mwandifunsa kuti ku Glasgow kuli ndani, kulibe wachibale, chanditenga ndi chithunzi. Agogo amene ndimawasamalira anadutsa zaka 90, anabadwira kumeneko, nde pakhoma la kakhonde kopita ku bafa anakoleka chithunzi chakale chakuda ndi choyera. Kanjira kothina pakati pa nyumba zazitali zakuda bii, zovala zoyanikidwa pamitengo yotulukira pamawindo, kangalande kakuyenda pansi, ndi tiana tina toima tina tosaoneka bwino ngati utsi. Mmunsi mwake analemba Thomas Annan, Glasgow, 1868. Mmawa uliwonse ndikamawaperekeza kokasamba amaima pamenepo ndi chogwirira chawo, kuyang'ana, osalankhula. Ana awo akabwera amati nchokongola, chimakumbutsa kale. Ine tsiku loyamba kuchiona mtima unagunda, ndinaona kwathu ku Ndirande, kanjira kotsikira ku Nasolo kamene timadutsa chammbali titasenza ndowa. Papita zaka ziwiri ndikuchidutsa chithunzicho, lero ndati ndikaponde pamalopo ndi mapazi anga.

Abambo a pampando wapafupi andigawira chaja, foni inatsala pang'ono kuzima. Ndawapatsa mandasi awiri, adya onse pompo.

Lachinayi, Glasgow, High Street

Tafika ku Buchanan Bus Station kukadali mdima, kamvula kowaza kaja kosamveka koma konyowetsa mpaka mkati. Ndinakhala pabenchi ola lathunthu kudikira kuche chifukwa ndinene zoona ndimaopa kuyenda ndekha mumdima mtauni yosaidziwa. Amayi ogulitsa tiyi pakasitolo kena anandiitana kuti hen, ndinadabwa, kenako ndamva kuti kuno mzimayi aliyense amamutchula choncho mwachikondi. Tiyi ndi banzi yoikamo soseji yafulati ya makona anayi, mapaundi 4 ndi kachenje. Kuhositelo bedi ndi mapaundi 24 usiku umodzi, chipinda cha azimayi asanu ndi mmodzi, anandilola kusiya chikwama ngakhale nthawi yolowera inali isanakwane.

Ndinayambira pa Glasgow Cross pamene pali nsanja yakale ya Tolbooth, ya m'ma 1620, yaima yokha pakati pa msewu magalimoto akuizungulira. Pamenepa ndi pamene pamakumana High Street, Saltmarket, Gallowgate ndi Trongate, mayina omwewo a pazithunzi za Annan. Ndinatulutsa foni nkumayerekeza chithunzi ndi msewu, abale, palibe. Tinjira tija kuno amati close, kampata kolowera pakati pa nyumba kuchoka mumsewu waukulu kupita kuseri kumene kunali nyumba zina pamwamba pa zina, ndakwera High Street yonse mpaka ku tchalitchi chachikulu osapeza nkamodzi komwe kofanana ndi ka pakhoma paja. Kuli nyumba za miyala yofiira, mafulati a ana asukulu, siteshoni ya sitima. Pafupi ndi siteshoniyo ndi pamene panali yunivesite yakale isanasamukire ku Gilmorehill mu 1870, malowo anagulitsa kwa a njanji. Ophunzira anathawa fungo la amphawi, ndi mmene ndaonera ine.

Ndinaima pakona ndikuoneka wosokonekera, nde agogo ena aamuna ali ndi kagalu anandifunsa ngati ndasochera. Nditawaonetsa chithunzi anaseka mwaulemu amvekere mwana wanga wachedwa ndi zaka 150, zonsezo anagumula, ndipo munthuyo anajambula chifukwa choti zimagumulidwa. Anandilozera pamwamba pa nyumba ina yofiira pamene anagoba dzina pamwala, City Improvement Trust, akuti awa ndi amene anagwetsa, ndi omwenso anamutuma wojambulayo. Ndinangoti kukamwa yasa. Zaka ziwiri zonsezi ndimaganiza kuti munthu anajambula kwawo chifukwa chokukonda.

Anandiperekeza mpaka ku Trongate kukandionetsa Old Wynd ndi New Wynd, timisewu tothina timene mayina ake anatsala, koma muli mabini ndi makoma akumbuyo kwa masitolo basi, simugona munthu. Anandiuzanso za Paddy's Market, msika wa kaunjika umene unali chakumunsi pafupi ndi Bridgegate kwa zaka zambirimbiri mpaka anautseka mu 2009, akuti mayi awo amagula jekete zawo zonse kumeneko. Ndinawauza kuti kwathu kaunjika ndi amene anativeka tonse, anagwedeza mutu ngati tikudziwana kalekale.

Madzulo nsomba ndi tchipisi mapaundi 10, ndadya theka, theka ndasungira mawa. Nsapato zanyowa, ndaikamo nyuzipepala.

Lachisanu, Mitchell Library

Lero ndakhala mkati tsiku lonse ndipo ndi tsiku limene landilemera kwambiri. Layibulale yake ndi chinyumba chachikulu cha denga lobiriwira lozungulira ku Charing Cross, kulowa ndi ulere. Ndinachita manyazi kufunsa, Chingerezi cha kuno chimathamanga ngati madzi a mumsewu wa Chinseu mvula ikagwa, koma achemwali a pa desiki anandimvetsera bwinobwino, anandikhazika patebulo nkundibweretsera mabuku okhala ndi zithunzi zonse za Annan zija, amazitcha The Old Closes and Streets of Glasgow.

Nkhani yake ili chonchi. Mu 1801 Glasgow inali ndi anthu pafupifupi 77,000, pofika 1871 anali atadutsa 450,000. Mafakitale a thonje, zitsulo, zombo, anthu kukhamukira kuchokera kumapiri a Scotland ndi ku Ireland makamaka njala ya mbatata itavuta kuyambira 1845. Olemera anasamukira kumadzulo kwa tauni, nyumba zawo zakale alandilodi anazidula tizipinda, kuseri kumene kunali madimba anamangako zina mpaka dzuwa kusowa polowera. Banja lonse chipinda chimodzi, ena kulandiranso ogona olipira. Kolera inapha anthu mu 1832, inabweranso 1848, inabweranso 1853. Pamakomo a tinyumba ting'onoting'ono akuluakulu a mzinda amakhomapo kachitsulo kolembapo nambala ya anthu ololedwa kugonamo, nde usiku amabwera kudzagogoda nkuwerenga mitu. Nditawerenga pamenepa ndinatseka buku kaye. Ife timagona asanu ndi awiri mzipinda ziwiri, ndipo kolera ya 2022 ndi 2023 ija amayi amandiimbira usiku uliwonse kundiuza nyumba imene kwalowa maliro.

Mu 1866 anakhazikitsa lamulo lopatsa mzinda mphamvu zogula ndi kugwetsa dera lakalelo. Chaka chomwecho akuluakulu ena a Glasgow anapita ku Paris kukaona mmene Haussmann, mkulu woyang'anira mzindawo, amaphwasulira timisewu takale nkutsegula misewu yotakata, ndipo kumenekonso kunali wojambula wake, Charles Marville, amene amayenda patsogolo pa ogumula ndi kamera. Kuno ntchitoyo inagwera Thomas Annan, wobadwa 1829 ku Fife, amene anajambula kuyambira 1868 mpaka 1871. Choncho zithunzi zambiri za tinjira tothina ta ku Ulaya zimene anthu amakoleka m'nyumba ngati maluwa, zinajambulidwa ngati mmene timajambulira nkhope ya munthu bokosi lisanatsekedwe. Kwa amene analipira wojambula, kuthina kuja ndi mdima uja zimatanthauza matenda, uve, umbava, malo ofunika kuchotsa. Mayina a zithunzizo ndi manambala a nyumba basi, Close No. 118 High Street, Close No. 46 Saltmarket, dzina la munthu mulibe ngakhale limodzi.

Koma anthuwo analowamo okha. Kamera ya nthawi imeneyo sinali yongodina ayi, amatenga galasi nkulipaka mankhwala, kuliika mkamera likadali lonyowa, kujambula, nkulitsuka pompo lisanaume, mphindi khumi kapena khumi ndi zisanu zonse zikhale zatha. Nde taganizani bambo wa jekete yabwino atafika mkanjira ndi chibokosi cha miyendo itatu, mabotolo, kachihema kamdima, ndani angakhale m'nyumba? Ku Goliyo akanatuluka mpaka odwala. Ndipo popeza mkanjiramo kuwala kunali kochepa, kamera imayenera kukhala yotsegula kwa kanthawi ndithu, amene waima chilili amatuluka bwino, amene wagwedezeka amasanduka utsi. Tiana tosaoneka bwino tija si mizukwa, ndi ana amene analephera kudekha, wina anatembenuka, wina anaitanidwa ndi mayi ake. Pa chithunzi cha 46 Saltmarket pali kamnyamata kaima pakati manja m'chiuno kakuyang'ana kamera mmaso, ndinakayang'ana nthawi yaitali, ndikukadziwa kamnyamata kameneka, mdera lililonse kamakhalapo.

Chimene chinandipweteka ndi ichi. Zithunzizo anazisindikizanso cha m'ma 1878, ndipo pamenepo anawonjezera mitambo kumwamba, zovala zoyanika zija anaziyeretsa kuti ziziwala. Mu 1900, Annan atamwalira kale mu 1887, mwana wake James Craig Annan anatulutsanso zina zofewa bwino, ndipo ena mwa anthu a utsi aja anawafufuta. Nthawi imeneyo nyumbazo zinali zitapita, fungo litapita, nde kanjira kaja kanasanduka chikumbutso, Glasgow wakale wokoma, chinthu chogula anthu a ndalama amene sanapondemo. Kanjira kamodzi komweko, poyamba chizindikiro cha matenda kenako chizindikiro cha kale lokoma, ndipo onse awiri sanafunse mayi amene anachapa zovala zija. Iye mwina amangoona kuti lero kwacha bwino zovala ziuma.

Ndinafunsa achemwali aja kuti nanga anthuwo anapita kuti. Akuti ambiri anangokathithikana m'madera ena oyandikana, chifukwa ogumulawo sanafulumire kumanga, anayamba kumanga nyumba zawo chakumapeto kwa zaka za m'ma 1880, ndipo lendi yake osauka enieni sakanaikwanitsa. Ndinalira pang'ono patebulopo, anandibweretsera tishu osandifunsa kanthu.

Supu ya nyemba zing'onozing'ono zofiira ndi buledi pa kantini, mapaundi 5. Ndagona 8 koloko.

Loweruka, Blantyre ya kuno

Sindikanabwerera osafika. Sitima kuchokera ku Glasgow Central, pulatifomu yapansi, mphindi makumi awiri ndi pang'ono, tikiti yopita ndi kubwera sinafike mapaundi 6. Kuona chikwangwani cholembedwa Blantyre pasiteshoni yozizira ya ku Scotland, khungu linachita tsemwe. Ndinajambula nkutumizira amayi pa WhatsApp, anayankha ndi voisi akuseka, amvekere nde wafika bwanji osatiuza tikuphikire.

Kuchoka pasiteshoni umatsika kamtunda kupita kumtsinje wa Clyde, nyumba imene anabadwira Livingstone ndi yoyera yosanjikiza, amaitcha Shuttle Row. Munkakhala mabanja 24 a anthu ogwira ntchito mufakitale ya thonje, banja lililonse chipinda chimodzi. David Livingstone anabadwira mmenemo pa 19 March 1813, ndipo ali ndi zaka 10 anayamba ntchito yolumikiza ulusi woduka, kuyambira 6 koloko mmawa mpaka 8 koloko usiku, akaweruka sukulu. Ndinaima pakhomo la chipindacho, mabedi olowa mkhoma, poyatsira moto, basi. Ku pulayimale anatiphunzitsa za munthuyu ngati anatsika kumwamba ndi chipewa chake, palibe anatiuza kuti anakulira mchipinda chochepa kuposa chathu. Mishoni ya Blantyre kwathu inayamba mu 1876 nkutenga dzina la kamudzi kameneka, ndipo kampani ya Mandala ija ya abale awiri a Moir inakhazikitsidwa ku Glasgow komweku mu 1878, zaka zomwezo zimene tinjira tija timagwetsedwa.

Nde chimene sindimayembekeza, Annan yemweyo anakhalapo ku Hamilton pafupi ndi pano, moyandikana ndi azichemwali a Livingstone, ndipo mu 1864 Livingstone atabwera kuchokera ku ulendo wa Zambezi ndi Shire, Annan anamujambula, chinanso ali ndi mwana wake wamkazi Anna Mary. Diso lomwelo, manja omwewo opaka mankhwala pagalasi. Livingstone anakhala pampando, dzina lake linalembedwa, dziko lonse likumudziwa. Patangopita zaka zinayi wojambula yemweyo ali mkanjira ka Saltmarket ndi ana opanda nsapato amene mpaka lero ndi nambala ya nyumba. Mu 1859 Livingstone amafika pa nyanja yathu, chaka chomwecho Annan amajambula ntchito yokoka madzi abwino kuchokera ku nyanja ya Loch Katrine kubwera ku Glasgow, madzi amene anathandiza kuthetsa kolera kuno. Ndinakhala pabenchi mmbali mwa mtsinje ndikuganiza za mzere wa zigubu pa kiyosiki kwathu.

Amayi ena odzipereka pamalopo atamva kuti ndine wa Blantyre inayo anandigwira manja onse awiri, anandigulira tiyi ndi sikono, anakana ndalama yanga. Anati muli bwanji, mawu awiri okhawo amene amadziwa, ndinayankha ngati ndikuyankha azakhali.

Lamulungu, Edinburgh

Basi ya 900 kuchokera ku Buchanan, ola ndi mphindi zingapo. Agogo a kagalu aja anandiuza kuti ukafuna kumva mthupi mmene close imakhalira pita ku Edinburgh, kumeneko tambiri tinatsala. Zoonadi. Msewu wa Royal Mile uli ngati msana wa nsomba, tinjira tikutsika mbali zonse ngati minga. Ku nyumba ya mfumu yapaphiri ija sindinapite, mzere wake komanso mtengo, ine ndimafuna tinjira.

Ndinalowa Advocate's Close, Fleshmarket Close, Bakehouse Close ndi tina tosawerengeka, mawondo akulira ndi masitepe. Pena ukatambasula manja umakhudza makoma onse awiri. Ukangolowa phokoso la mumsewu limazima, kuzizira kumasintha, kumwamba kumatsala kachingwe koyera. Ndipomwe ndinamvetsa chifukwa chake ojambula amakonda malo otere, maso alibe kothawira, makoma amakukankhira kutsogolo kumene kuli kuwala, nde aliyense woona chithunzi amaikamo zake, wina ndende, wina njira yotulukira, wina ubwana wake. Koma thupi langa limakumbuka zina. Kanjira kothina ndi kumene umamva kuti kwa aneba lero kuli usipa, kumene mwana akalira azimayi atatu amatuluka, kumenenso mtsikana amathamanga kukada chifukwa sadziwa amene waima pakona. Zonsezo pamodzi. Mkanjira kena kopanda anthu ndinamva mapazi kumbuyo, mtima unapita mmwamba, ndinafulumira mpaka kutulukira kumsewu, anali mnyamata wonyamula makatoni a mu lesitilanti.

Pa Advocate's Close anthu amachita kudikirana pamzere kuti ajambule, ndipo aliyense amadikira kuti anzake achoke kaye, kanjira kaoneke kopanda munthu. Pansi mposesa, mpopanda ngalande, palibe chovala chayanikidwa. Kunonso kunali wojambula wake, Archibald Burns, amene anajambula nyumba za mbali ya Cowgate cha m'ma 1870 zisanagwetsedwe, nkhani yake yomweyo. Ndinakumbuka alendo amene amabwera ku Ndirande ndili mwana, makamera pakhosi, ife kuthamangira kukaima kutsogolo manja m'chiuno. Sitinazionepo zithunzizo. Mwina nane ndili pakhoma la munthu wina kudziko lina pafupi ndi bafa, mmunsi atalemba dzina la wojambula ndi chaka.

Ndinadya payi wa nyama wa mapaundi 3 nditakhala pa masitepe, mphepo ikulowa mpaka mmafupa. Pobwerera ndinagona m'basi mpaka adalaivala anachita kundidzutsa ku Glasgow.

Lolemba, m'basi yobwerera

Usiku ndinaimbira amayi nkuwapempha kuti achimwene akajambule kanjira kathu kotsikira ku Nasolo, koma asathamangitse anthu, aliyense amene alipo aime, ndipo anditumizire mayina onse. Amayi amvekere kanjira konyasa kaja ukufuna utani nako, anthu ajambula ku Mandala kapena pa tchalitchi cha St Michael. Ndinawauza kuti ndikufuna komweko. Anati chabwino koma adikire ayambe asesa.

Ndagula positikhadi ya chithunzi cha Annan ya agogo, paundi imodzi, ndi maswiti a shuga ndi mkaka amene amawatcha tablet, agogowo amati mayi awo amapanga. Ndikawasambitsa mawa ndiwafunsa funso limene sindinawafunsepo, kuti pachithunzi paja amayang'ana ndani. Mwana wawo anandiuzapo kuti agogo awo a agogowa anachokera ku Ireland nkufikira ku Saltmarket, ine sindinalabadire nthawi imeneyo.

Tangodutsa Carlisle foni yalira, chithunzi chafika. Makoma a njerwa zosawotcha mbali zonse, malata otsamirana, chingwe cha zovala ndi chitenje cha amayi chobiriwira chija, kangalande kali pomwe kanali. Aima anthu khumi ndi mmodzi, amayi ali pakati avala duku la ku tchalitchi, ndipo achimwene alemba mayina onse mmunsi mmodzimmodzi mpaka a mayi ogulitsa makala. Kumanzere kuli kamwana kamodzi kosaoneka nkhope, kanathamanga nthawi yodina, kangotsala utsi wa malaya ofiira. Ndi mwana wachiwiri wa achimwene, anabadwa ine nditachoka kale, sindinamunyamulepo. Dzina lake alemba pa nambala 9.

Tifika ku Leeds cha m'ma 5 koloko, shifiti ya mawa ndi ya 7 mmawa, yunifolomu sindinachape.